Tsiku limene ndinakana kugwira bering'i

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine. Amjomba anga ankaifotokoza pa ukwati uliwonse wa pachibale, chaka chilichonse akumathiramo mchere wawowawo. Poti anatisiya, Mulungu awachitire chifundo, ndiloleni ndidziyalutse ndekha, koma molondola.

Dzina langa ndi Patuma, kwathu ndi ku Nselema. Poliyo anandigwira ndili wamng'ono n'kundifooketsa mwendo wamanzere. Ndimayenda ndi ndodo imodzi komanso kalipa, chitsulo chija chomangirira mwendo kuchokera m'ntchafu mpaka kunsapato. Zimene ndikunenazi zinachitika m'masiku a chipani chimodzi, ndili chaka chachitatu ku yunivesite ku Blantyre, komwe ndinkaphunzira uinjiniya wa makina. M'kalasi mwathu atsikana tinalimo awiri, ndipo wotsimphina ndinali ine ndekha.

Makani ndiye ndinali nawo. Munthu akati andinyamulire chikwama, ndinkamuyang'ana ngati wanditukwana. Kalasi ya drawing inali m'chipinda cham'mwamba, choncho ndinkalawirira kukwera masitepe anzanga asanafike, kuti pasakhale wondiona ndikupuma wefuwefu. Nthawi imeneyo mkazi sankaloledwa kuvala buluku, ndiye mu wekishopu ndinkalowa ndi siketi yaitali ndi dasitikoti pamwamba. Siketiyo inkakodwa mu kalipa tsiku ndi tsiku, koma palibe anandimvapo ndikudandaula. Mayeso ndinkakhoza, ndipo anyamata ena ankabwera mwakachetechete kudzakopera homuweki kwa ine.

Chimene chinandigonjetsa ndi atachimenti. Pa holide yaikulu aliyense ankayenera kukagwira ntchito miyezi itatu pamalo pamene pali makina enieni, ndipo bwana wa pamalopo ankayenera kusaina ndi kudinda fomu ya kusukulu. Popanda fomu imeneyo, za chaka chachinayi iwalako.

Anzanga onse malo anapeza, ngakhale okopera aja. Ine ndinalemba makalata mpaka dzanja kuwawa. Malo awiri anandiitana, poti pakalata mwendo suoneka. Koma ndikangolowa mu ofesi, gwede, gwede, nkhope ya bwana inkasintha ndisanakhale n'komwe pampando.

"Mayi, ntchito ya kuno ndi yoimirira tsiku lonse," anatero woyamba.

"Pansi pano pamaterera ndi oyilo," anatero wachiwiri. "Mukagwa tidzayankha chiyani?"

Ndinakwera basi ya kwathu, khadi la chipani m'manja, fomu yosadinda pansi m'sutikesi. Sabata ziwiri za holide zinatha ndili pakhonde. Ndinkaopa kwambiri kuti zaka zitatu zija zapita m'madzi. Amene ndinawauza ndi amayi okha, ndipo tsiku limenelo ndinalira.

Tsono mumve za amjomba. Che Bwanali anali mchimwene wawo wa amayi, ndipo kwathu mjomba ndiye mwini mbumba: nkhani yaikulu iliyonse ya ana a mlongo wake imadzera kwa iye. Ankagulitsa matemba, kupalasa njinga kuchoka kunyanja ya Chilwa mpaka ku Liwonde ndi ku Balaka. Tsiku limene ndinasankhidwa kupita ku yunivesite, anthu akusangalala, iwo anafunsa kuti, "Mwana wamkazi akatani ndi zitsulo? Chimene ali nacho kumwendocho sichikumukwanira?" Anthu anaseka, ine ndinawasungira kumtima.

Chinanso, chaka chapitacho amjomba omwewa anakwatitsa msuweni wanga Hawa ali Fomu 2. Ndinalipo, ndipo ndinaona m'mene zinayendera kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ndiye Loweruka lina m'mawa ndinadzuka n'kupeza amayi akusesa pabwalo kachiwiri. Tambala wathu wamkulu anali ataphedwa kale. Mpunga wa ku Mposa, umene unkasungidwira Idi, unali m'lichero. Makapu amaluwa anatuluka m'kabati, mkeka watsopano n'kuyalidwa pansi pa mtengo wa mango. Tsiku la Hawa zinayambanso chimodzimodzi, makapu ake omwewo.

"Amayi, kukubwera ndani?"

"Alendo a amjomba ako, ochokera ku Balaka."

"Adzatani?"

"Adzakuona. Kasambe, uvale diresi yobiriwira ija ndi mpango."

"Kudzandiona ine? Ndadwala?"

"Zimenezo ukafunse amjomba ako. Ine andiuza kuti ndisatsegule pakamwa."

Anatero akumwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko ndi kumene kunandiopsa.

Cha m'ma leveni panaima kagalimoto kakale ka pikiapu. Ndinasuzumira pazenera. Munatsika bambo wa imvi, wovala kofia, wa msinkhu wa amjomba omwe, dzanja lake lamanzere lopanda zala ziwiri. Pambuyo pake panatsika mayi wojintcha, wovala mpango woyera. Ndinadikira kuti mwina mutsika mnyamata, poti munthu ngakhale ukukana umafuna kuona chimene ukukanacho. Simunatsike wina aliyense.

Anapatsana salamu, anafunsana za kumudzi, za mvula, za thonje la ku Kalembo. Ndinamva kuti bambowo ndi Che Amidu, mayiwo ndi akazi awo, Abiti Jafali. Kenaka mawu anatsika, ine khutu n'kuligunditsa pazenera.

"Mwanayu mutu wake ndi wa makina," ankatero amjomba. "Za mwendo ndinakuuzani kale, sindinabise."

"Mwendo ulibe kanthu," anayankha Che Amidu. "Ine ndikufuna manja ndi mutu. Ndakalamba, ntchito yandichulukira."

"Chipinda ndakonza kale," anatero Abiti Jafali. "Chapafupi ndi chathu, chopanda sitepe. Ana anga onse anachoka, nyumba yangoti zii. Akandithandiza kucheza."

Ndinakhala pabedi. Nkhani ndinaimvetsa yonse, ine wanzeru za ku yunivesite. Amayi aulula kuti sukulu yandikanika. Amjomba aona kuti mpata ndi womwewu. Mdala wa makina akufuna injiniya wosalipidwa, ndiye njira yotchipa ndi kumukwatira. Mkazi wamkulu wavomera kale mitala, mpaka wabwera yekha kudzaona mnzake.

Kukana amjomba pamaso pa alendo sikukanatheka, kwathu zimenezo kulibe. Koma ndinaganiza ngati injiniya: ngati sungazimitse makina kutsogolo, atsekere mafuta kumbuyo. Akufuna manja ndi mutu? Chabwino. Ndiwaonetsa kuti zonse ziwiri palibe, andikane okha.

Ndinamasula kalipa n'kumukankhira kunsi kwa bedi. Ndodo ndinaisiya kuseri kwa chitseko. Amayi atabwera kudzanditenga, ndinawakolekera dzanja m'khosi.

"Chitsulo chako chili kuti?" ananong'ona.

"Chikundipweteka lero."

"Lero lomwe lino?"

"Tiyeni, amayi, alendo akudikira."

Ndinatuluka nditawalemera amayi ngati thumba la chimanga, ndikubuula pang'onopang'ono. Ine yemwe uja wokana kunyamuliridwa chikwama! Amjomba anandiyang'ana, anayang'ana amayi, n'kuyang'ananso ine. Ndinadzigwetsa pamkeka, ndinapereka moni ndi mawu a munthu wodwala malungo, maso pansi.

Che Amidu anamwa tiyi pang'ono n'kuyamba mafunso.

"Mwanangu, m'mawa mumadzuka nthawi yanji?"

"Naini koloko. Kukazizira, teni."

Amjomba anatsokomola.

"Nanga kuimirira, mungaime nthawi yaitali bwanji?"

"Kuimirira ndiye iyayi. Ntchito yoimirira tsiku lonse sindingaithe. Ndiponso pansi pakangoterera pang'ono ndimagwa, anthu n'kusowa choyankha."

Mawu amenewa anatuluka mosavuta chifukwa sanali anga. Ndinangobwereza zimene mabwana aja anandiuza, zomwe zija zinandiliritsa. Mumtima ndinadziyamikira kuti mwano wawo wagwirako ntchito.

"Girizi ndi oyilo simuziopa?"

"Zimanditulutsa ziwengo."

"Kusukulu zikuyenda bwanji?"

"Atsala pang'ono kundiwida," ndinatero. Poona kuti sanamve, ndinamasulira. "Kundichotsa, chifukwa cholephera mayeso."

"Patuma," anatero amjomba, mawu ali pansipansi, "suja unandionetsa pepala lakuti unali nambala thuli?"

"Kuchokera kumapeto, amjomba."

Amayi ananyamuka kuti akaone mpunga, ngakhale mpungawo unali utaphulidwa kale. Abiti Jafali ankangondiyang'ana, mutu atapendeketsa, ngati munthu amene akuona nkhuku yodwala pamsika. Ndinaona kuti zikuyenda, koma mdalayo sanafooke.

"Makina osemera zitsulo aja, lathe, munawagwirapo?"

"Ndimangoonerera anyamata. Phokoso lake limandipweteketsa mutu."

Apa Che Amidu anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulunga m'kampango koyera. Tsiku la Hawa, mlendo anatulutsanso kampango chomwechi, m'kati muli wotchi. Chimenecho ndicho chikole. Hawa atangoitola wotchiyo, azimayi anaimba nthungululu, sukulu yake n'kuthera pamkeka pomwepo. Ukagwira chikole ndiye kuti wavomera, palibenso kubwerera.

Anakaika patsogolo panga n'kukamasula. M'kati munali bering'i, kamkombero kachitsulo ka timipira kamene shafiti ya makina imazunguliramo. Bering'i yakutha, yakuda, yoti ngakhale pa sikirapu sangaiwerengere.

Choyamba ndinakwiya. Hawa, wa Fomu 2, wotchi. Ine wa ku yunivesite, bering'i yakufa. Kodi munthu akatsimphina mtengo wake umatsika chonchi?

Koma maso a injiniya samva kuletsa. Ndisanafune n'komwe, anali ataona kale kuti njira ya timipira yadyeka mbali imodzi yokha, ndiponso chitsulocho chachita buluu ndi kutentha. Zala zinayamba kundiyabwa. Ndinazikhalira, manja onse awiri pansi pa ntchafu.

"Tainyamulani muione," anatero Che Amidu.

"Iyayi."

"Siluma."

"Ndikuionera pompano."

"Chabwino. Ndi chiyani chimenechi?"

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, ngati ndikuganiza mozama.

"Chibangili cha mwana?"

Amjomba anavula kofia, anapukuta thukuta pamutu, n'kuivalanso chokhota. Anaitola okha bering'iyo kuti andipatse m'manja, ine n'kubwerera m'mbuyo ndi matako mpaka kutuluka pamkeka.

"Gwira, mwana iwe!"

"Amjomba, ndapota nanu, sindigwira."

Che Amidu anatenga bering'i yawo, anaikulunga bwinobwino n'kuibwezera m'thumba. Ine mumtima ndinali kuvina.

"Che Bwanali," anatero mofatsa, "ubale wathu usathere apa. Matemba muzibweretsabe. Koma mwanayu sindingamuike pafupi ndi makina, angavulale. Zala ziwirizi ndinazitaya ndili munthu wodziwa ntchito, nanga wosadziwa zidzamuthera bwanji?"

Anapisa m'thumba lina n'kutulutsa pepala lopinda kanayi.

"Pepala lanu ili. Sindinalidinde."

Amjomba analilandira ndi manja awiri n'kuliika pamkeka. Mphepo inalifunyulula pang'ono. Ndinaona chizindikiro cha sukulu yathu, ndi dzina langa m'zilembo zikuluzikulu, lolembedwa ndi dzanja langa lomwe. Inali fomu ya atachimenti ija.

Zinazo ndinazimva bwino pambuyo pake. Amayi anaitenga fomuyo m'sutikesi n'kukapatsa amjomba. Amjomba Chingelezi sankawerenga, ndiye anakapeza mphunzitsi wina kuti awamasulire. Atamva, anakumbuka kasitomala wawo wa matemba, Che Amidu, mwini wekishopu ku Balaka yokonza mainjini a zigayo ndi mapampu a madzi. Anapalasa njinga katatu kukamunyengerera. Ndipo poti njira yopemphera mwana wa mlongo wako chinthu chachikulu ankaidziwa imodzi yokha, anaitsata yomweyo: akuluakulu akambirane kaye, alendo abwere kudzaona mwana, mwanayo asauzidwe kanthu mpaka zitapsa.

Koma panthawiyo ndinalibe mpata woganiza zonsezo. Alendo anali atatsazika, mpunga osaudya, akulowera kugalimoto. Chaka changa chachinayi chinali kuyenda pambuyo pawo.

Ndinati ndidzuke, mwendo unandikumbutsa kuti kalipa ali kunsi kwa bedi. Ndodo kuseri kwa chitseko. Amayi kukhitchini, akubisa nkhope. Chapafupi chinali njinga ya amjomba, yotsamira pamtengo wa mango, dengu la matemba lili pakaliyala. Ndinakwawa, ndinaigwira mahandulo n'kudzikoka. Kenaka ndinayamba kuikankha ndikudumpha ndi mwendo umodzi, diresi yobiriwira ikukodwa mu pedulo, mpango utagwa, matemba akuwazika m'njira monse.

Kumpanda kunali kutadzaza kale azimayi oyandikana nafe. Nawonso anali ataona utsi ndi nthenga za tambala, ndipo ankadikira zawo.

"Che Amidu!" ndinakuwa. "Taimani!"

Anali atatsegula kale chitseko cha galimoto.

"Bering'i ija sinafe ndi ukalamba! Yadyeka mbali imodzi, ndiye kuti shafiti yake ndi yopindika, kapena injini ndi chigayo sizinalunjikane. Yachita buluu chifukwa inkatentha mpaka girizi kuuma. Mukaika yatsopano osawongola shafiti, mwezi sutha, ifanso!"

Che Amidu anatseka chitseko pang'onopang'ono n'kutembenuka.

"Imeneyi ndi yachitatu pa chigayo chimodzi," anatero. "Mwini wake amakana kuti shafiti ndi yopindika. Mwaziona nthawi yanji zimenezi, poti simunaigwire?"

"Mutangomasula kampango."

"Lathe?"

"Ndimaposa anyamata onse m'kalasi mwathu, kupatula mmodzi."

"Kuimirira?"

"Tsiku lonse, bola ndivale chitsulo changa. Ndikatopa ndimakhala pa situlu, manja n'kumagwirabe ntchito."

"Nanga chibangili chija?"

Apa ndiye panalibe pothawira. Amjomba anali atafika, akutola matemba awo. Amayi anasuzumira pakhomo la khitchini. Kumpanda mitu inawonjezekera. Ndinayang'ana tayala la njinga n'kulankhula motsitsa.

"Ndimayesa mwabwera kudzandifunsira."

"Mwati chiyani?"

Mdalayo makutu anali atagontha ndi phokoso la zigayo, ndiye ndinachita kubwereza mokweza, Nselema yense akumva.

"Ndimayesa mwabwera kudzandifunsira ukwati!"

"Astaghfirullah," anatero Che Amidu, akubwerera m'mbuyo mpaka kugunda galimoto. "Ine?"

Kumpanda kunaphulika phwete. Wina anaimba nthungululu, poti anali ataikonzekera kuyambira m'mawa ndipo sakanabwerera nayo kunyumba. Amjomba anaimirira, matemba ali m'manja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Patuma, ndapalasa njinga katatu mpaka ku Balaka, miyendo yotupa. Ukanakhala ukwati ndikanavutika choncho? Ofuna kukwatira amabwera okha."

"Nanga bwanji simunandiuze, amjomba?"

"Akanakana ndikanakuuza chiyani? Wakanidwa kale kokwanira."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kuseka kwa anthu onse aja. Munthu amene ndinamusungira mkwiyo zaka zitatu ndi yemwe anatupa miyendo chifukwa cha sukulu yanga. Manyazi amene ndinamva apo sindinawamveponso.

Amayi anathamanga ndi fomu ija. Che Amidu anatulutsa bering'i n'kunditambasulira, ndipo ulendo uno ndinailanda ngati wina andilanda. Ndinaizunguza, ndinawaonetsa podyeka paja ndi chala. Anagwedeza mutu, anatenga chidindo m'galimoto, anachiuzira mpweya, n'kudinda fomuyo pa boneti.

"Lolemba, seveni koloko," anatero. "Osati naini, kaya kuzizire. Ndipo mubwere ndi mwendo wanu wonse."

Anabwerera kumkeka kukadya mpunga, poti tambala sakanafera chabe. Ine ndinakavala kalipa n'kuwathirira madzi osamba m'manja ndikuyenda bwinobwino, maso osadzutsa. Abiti Jafali ankangoseka chamumtima nthawi yonseyo, mapewa akugwedezeka. Pokwera galimoto ndi pamene anandikodola kuti ndifike pazenera. Ndinayesa akufuna kunditonthoza, ndipo azimayi akumpanda aja anasendera kuti amve nawo.

"Mwanangu, ukanangoyang'ana m'manja mwangamu ukanadziwa," anatero. "Bambowa akanapeza wina wowalola, ine sindikanabwera chimanjamanja. Ndikanakubweretsera mbuzi yokuthokoza."

Usanayambe kudzipusitsa pamaso pa alendo, yamba wafunsa chimene abwerera, chifukwa uchitsiru anthu amaukhulupirira msanga kuposa digiri.